Mthenga wa m'Fulashi ya Justus

Njinga yamoto itaima pansi pa mtengo wa mapeyala, Sellah anayamba wayang'ana nsapato za wokwerayo. Ofesi ya mpingo inali italemba kuti Lachitatu kubwera munthu wa makompyuta kuchokera ku boma la Mzimba, koma dzina sinatchule. Nsapatozo ankazidziwa. Zinali zofiirira zija zimene mwamuna wake Themba anabwera nazo kuchokera ku Joni pa Khirisimasi n'kupatsa mng'ono wake. Chisoti chitavulidwa, nkhope inali yomweyo: Justus.

"Monire mulamu!" anakuwa akadali panja. "Mwaona? Ngakhale mubisale kuchipatala, ife a kwa Thole tikupezani ndithu."

"Yewo, alamu." Sellah anaseka pang'ono monga chilamu chimafunira, koma dzanja lake linali litafika kale pamkono wamanzere, pamwamba pa chigongono. Pamenepo, pansi pa juzi ndi pansi pa khungu, panagona kachubu kolerera.

Mwana wake Wezi, amene anali m'tulo kumsana kwake, anabadwa mu Ogasiti pa opaleshoni, ndipo Sellah anataya magazi ochuluka. Dokotala analemba m'buku lake kuti asaime wina mpaka zaka zitatu zitatha. Themba anabwera mu Disembala, timachubu titatha pakachipatala konse. Timachubuto tinafika iye atabwerera kale ku Joni, ndipo Sisitala Mavis, namwino wa ku Dedza woyang'anira kachipatalako, anamugwira Sellah padzanja n'kunena kuti, "Ika lero tikadalipo. Amuna a ku Joni sabwera ndi kalata." Anaika. Ndipo pokhala kalaliki, analemba ndi zala zake m'kompyuta dzina lake, mudzi wake ndi tsiku. Tsikulo ndilo linkamusowetsa mtendere. Mkazi woika kachubu mwamuna atachoka mwezi wathunthu, kumudzi samufunsa za dokotala. Amamufunsa kuti ukulerera ndani. Ndipo kwa Thole ng'ombe zinaperekedwa. Mkazi akabwezedwa kwawo, amabwerera ndi chikwama chake, mwana amatsala.

"Tinamva mphekesera yoti kubwera anzanu a Maclean," anatero Sellah, Justus akutula chikwama patebulo.

"Tinasinthana. Ndinamuuza kuti ku Edingeni n'kwathu, ndipita ndine."

Tinasinthana. Sellah analisunga liwulo m'kamwa ngati kamwala ka mu mpunga. Lamlungu lapitali apongozi ake aakazi anali atafunsa chifukwa chimene amavalira zamanja aatali ngakhale potunga madzi. Lero Lachitatu, mwana wawo wasinthana ndi mnzake.

Sisitala Mavis anasuzumira pakhomo atavala kale magolovesi. "Ndinu a kompyuta? Achimwene, wani koloko ndili ndi sikelo ndi katemera, azimayi oposa makumi asanu. Chitani zochita zanuzo, koma ikamakwana wani kaundula wanga akhale wotsegula."

"Mphindi makumi awiri basi, Sisitala. Mudzaona ngati sindinabwere n'komwe."

Anatulutsa fulashi yabuluu yomangirira ku makiyi a njinga n'kuibaya m'kompyuta. Sellah anakokera mpando wake pafupi mpaka mawondo ake anagunda tebulo.

"Kodi chimene mukufuna kuikacho chichita chiyani?"

"Pulogalamu yatsopano. Yakale ija yakalamba ngati agogo a kwanu."

"Ndati chichita chiyani ndi maina ali mmenemu?"

Justus anamuyang'ana cham'mbali n'kumwetulira. "Eeh, ndinaiwala kuti tinakwatira wa folomu folo. Bwerani muwerenge nokha."

Anatsegula fayilo ina, ndipo sikirini inadzaza ndi mizere ya Chingerezi, uliwonse ndi nambala yake kumanzere. Anati imeneyo ndi sikiripiti, kalata ya malangizo imene kompyuta imatsatira kuchokera pamwamba kutsika pansi poika pulogalamu. Sellah anawerenga chala chili pasikirini. Panga foda. Kopera ichi, uike apo. Zinali zomveka ndithu, ngati malangizo a paketi ya mankhwala. Wezi anadzuka n'kuyamba kukoka mpango wa kumutu, ndipo pomukonzera nsalu Sellah analumpha mizere ingapo ya pakati. Maso ake anakatera pa mzere wa 41. Pamenepo Chingerezi chinatha. Panali dzina la fayilo lothera ndi zilembo zitatu, d, l, l, kenaka liwu lina lalitali lolumikizana, ndi tinthu tina totsatizana.

"Apa ndiye pakuti chiyani?"

"Apa sikiripiti ikuitana thandizo. Iyo payokha ndi yopusa, mulamu, imadziwa kukopera ndi kufufuta basi. Kaundula wanu wakale anamangidwa mfundo imene iyo singamasule. Ndiye imaitana amene amalankhula chinenero cha makina enieniwo. Fayilo iyi timaitcha laibulale."

"Ya mabuku?"

"Ya antchito. Mmenemu muli antchito ambiri, aliyense ndi dzina lake. Sikiripiti imaima pakhomo, n'kuitana mmodzi ndi dzina, n'kumupatsa katundu m'manja: kaundula ali apa, mukamutule apo. Iye akamaliza amabweza nambala. Ikakhala ziro, zayenda."

"Itseguleni ndiwerengenso."

Justus anaitsegula akuseka. Panalibe liwu ngakhale limodzi. Timabokosi, tizizindikiro topindika, mizere yonga mapazi a nkhuku pamatope.

"Iyi munthu sawerenga. Mbwenu zili ngati inu ndi adada. Mukafuna kanthu kwa apongozi anu aamuna, mumapita kukawagwira paphewa? Yayi. Mumauza Modester, Modester ndiye amakalankhula."

Akanasankha fanizo lina. Chaka chatha, Sellah atafuna chilolezo choyamba ntchito imeneyi, anagwada kuseri kwa nkhokwe monga mkamwana woleredwa bwino n'kuuza Modester, mlongo wa Themba, kuti akawapemphere kwa adada. Anati akanene kuti sukulu yake isaole. Mawu amene anakafika anali akuti NyaShaba, Sellahyo, akuti pakhomo pano chakudya sichikwana. Miyezi iwiri yathunthu adada sanalandire madzi ochokera m'manja mwake. Sellah ankawadziwa amithenga. Umaona pamene walowera, umaona pamene watulukira, koma zimene wakayankhula m'katimo suzimva.

"Anailemba ndani?"

"A ku Lilongwe. Kapena nawonso anangoipeza kwina, kaya."

"Ndiye nanunso simukudziwa zimene imachita."

"Ndikudziwa zimene imabweza."

"Nanga mzere womalizawu? Akuti ilembe pa fulashi yanu."

"Ndi kalipoti chabe, koti ntchito yatha nthawi yakuti. Mwakhala wapolisi liti, NyaShaba?"

Anatulutsa foni n'kuizunguza m'mwamba. Ankafunika nambala ya chilolezo kuchokera ku ofesi asanayambe, koma netiweki pakachipatalapo inkapezeka pamalo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa chigayo. Anatuluka akuimba mluzu. Makiyi ndi fulashi anazisiya zikulendewera pakompyuta.

Sellah anaima pawindo mpaka anamuona atakwera chulu. Ankalankhula ndi ndani? Ankaseka. Munthu wofunsa nambala ku ofesi amaseka choncho? Anabwerera patebulo. Anaganiza mwachangu, ndipo ganizolo linaoneka loyera. Kwa Thole, Modester akapita kumsika, nkhani imadikira. Palibe amene amakwiya, palibe chimene chimasweka, amangoti tidzakamba mthenga akabwera. Mthenga wa m'fulashi akasowa, sikiripiti idzaitana, sadzayankha, Justus adzakwera njinga yake, ndipo mwina ulendo wina adzabwera Maclean wosadziwa aliyense.

Anaika kamuvi pafayilo ya laibulale ija. Kompyuta inamufunsa ngati akufunadi kuifufuta kotheratu. Anavomera. Kenaka anakhala pampando wake n'kuyamba kuyamwitsa mwana, msana utaloza kutebulo.

Justus anabwera atalemba nambala pachikhatho. Anaitayipa, n'kudina, n'kutsamira kumbuyo manja ali kunkhongo. Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa. Kanadutsa pakati. Kenaka kompyuta inalira kamodzi, ndipo panatuluka kabokosi kokhala ndi mtanda wofiira.

"Aa-a." Justus anawerama. "Akuti laibulale sikupezeka. Ndaitsegula ndekha pompano apa."

"Ndiye mubwera tsiku lina?" anafunsa Sellah osatembenuka.

"Tsiku lina? Mulamu, pulogalamu yakale yachoka kale. Mzere wa 36. Imayamba yachotsa yakale, kenaka n'kuitana."

Sellah anatembenuka. Pasikirini, pamene kachizindikiro ka mtanda wobiriwira kankakhala masiku onse, panali pambalambanda. Mzere wa 36 unali umodzi wa imene analumpha.

"Maina apita?"

"Alipo, koma atsekeredwa. Yakale yowatsegula palibe, yatsopano siwadziwa."

Justus anazula fulashi, n'kuipemerera, n'kuibayanso. Anafufuza foda ndi foda. Kenaka anasiya mawusi n'kuyang'ana pakhomo, pawindo, ndipo pomaliza pa Sellah.

"Analowa munthu muno?"

"Ine ndimayamwitsa."

"Sindinafunse zimenezo."

Sisitala Mavis analowa nkhani isanapite patali. Pakhonde panali patayamba kale phokoso la azimayi ndi kulira kwa ana. Ena anali atayenda kuchokera m'mawa, ndipo ambiri mabuku awo anali atanyowa kapena kudyedwa ndi chiswe, moti tsiku la katemera wa mwana linkadziwika ndi kompyuta yokha.

"Mphindi makumi awiri zija ndi zimenezi? Achimwene, ine ndikabaya mwana katemera kawiri, akandimanga ndine, osati inu ndi nsapato zanu zokongolazo."

"Ndipatseni theka la ola, Sisitala."

"Amuna a kuno ndi mphindi zanu! N'chifukwa chake mumati mukupita ku Joni miyezi itatu."

Justus anabwerera kuchulu. Ulendo uno sanaseke. Anaima foni ili m'mwamba ngati akuyeza mphepo, kudikira Maclean kuti amutumizire laibulale ina. Sellah anatuluka kukalandira mabuku a azimayi, akuwapepesa mmodzimmodzi, ndipo aliyense amene ankamuti "yewo, akalaliki" ankamuwonjezera katundu pamtima.

Fayilo itafika, Justus anaikopera n'kupukusa mutu.

"Maclean wanditumizira yatsopano, osati ija ndinali nayo. Antchito ake ndi omwewo, koma amalandira katundu mosiyana. Komanso sikiripiti yafera pakati, singayambirenso pamwamba. Ndiwaitana ndekha, mmodzimmodzi."

Anatsegula kawindo kakuda n'kuyamba kutayipa. Anaitana wotsegula kaundula. Panatuluka ziro. Anaitana wowerenga kuti alimo angati. Panatuluka 1,312, ndipo Sisitala Mavis, amene anaima kumbuyo kwawo manja ali m'chiuno, anati nambala yake ndi yomweyo. Anaitana wosamutsa. Ziro.

"Ndiye zatha?" anafunsa Mavis.

"Ziro akutanthauza kuti wanyamula, sakutanthauza kuti wanyamula bwino. Yatsopanoyi imafuna uiuze ngati tsiku limayamba kapena mwezi. Ija yakale inkadziwa yokha. Ndikalakwitsa, ana anu onse asintha masiku obadwa. Ndiyenera kuona ndi maso, pa munthu amene tsiku lake mukulidziwa pamtima."

"Tsegulani wa kulera," anatero Mavis. "Ndi waufupi, ndipo ndinaika ndekha onsewo."

Atangotero anatseka pakamwa, koma Justus anali atadina kale.

Maina anatsika motsatira midzi. Sellah sanafunike kufufuza. Wachisanu ndi chiwiri kuchokera pamwamba: Shaba, Sellah. Mudzi wa Thole. Kachubu ka pamkono. 03/02. Kamuvi ka mawusi kanatsika pang'onopang'ono, kanadutsa maina asanu ndi limodzi, n'kuima. M'chipindamo munangomveka Wezi akuyamwa chala.

Mavis anatambasula dzanja. "Tengani uyu wam'munsiyu, wa ku—"

"Pa 3 Febuluwale," anatero Sellah. "Si pa 2 Malichi ayi. Tsiku ndiye limayamba."

Justus sanachotse maso pasikirini. Themba anakwera basi pa 5 Januwale, ndipo amene anamunyamulira chikwama mpaka pa depoti anali iyeyo. Khutu lake linagwedera pang'ono.

"Tsiku limayamba," anabwereza. Anatayipa, n'kudina. Ziro.

Kaundula anatseguka wani koloko itapitirira ndi mphindi khumi. Mavis anatuluka akuitana dzina loyamba. Justus asanazule fulashi, anatsegula kalipoti kaja n'kutembenuzira sikirini kwa Sellah. Munali mizere itatu: tsiku, nthawi, ndi nambala ya anthu. Dzina munalibe.

Sellah anamutsatira mpaka pansi pa mtengo wa mapeyala. Justus ankamanga chikwama kumbuyo kwa njinga, akukoka labala mwamphamvu kuposa mmene linkafunira.

"Fulashi sitaya fayilo yokha, mulamu."

Justus anakokanso labala n'kupitiriza.

"Mukanaisiya, ikanadutsa m'maina onsewo maso ali otseka. Ine sindikanaona ngakhale limodzi."

"Munasinthana chifukwa chiyani ndi a Maclean?"

"Chifukwa kuno kuli nyama ya mbuzi ya pamsika ndipo Maclean sadya mbuzi. Mumaganiza kuti andituma amama?" Anaseka, koma kuseka kwake kunafera m'mphuno. "Za m'kompyuta ya chipatala sindilankhula. Ndinasainira zimenezo."

"Mumalankhula ndi akulu anu Lamlungu lililonse."

"Enya."

"Akakufunsani kuti mlamu wako ali bwanji?"

"Ndidzati ali bwino chomene." Anavala chisoti, n'kukweza galasi lake. "Koma ndine mng'ono wake, NyaShaba. Musandisenzetse nthawi yaitali."

Sellah anamuyang'ana m'maso kudzera pa kampata ka chisoticho. Munalibe chowerenga. Mwina ankanena zoona. Mwina ankanena zoona za lero lokha. Lamlungu kudzakhala mowa, kudzakhala amama akufunsa, kudzakhala Modester akumvetsera kuseri kwa chitseko, ndipo chimene chidzakafike ku Joni sichidzakhala ndi dokotala mkati.

Sanadikire kuti njinga ilire. Analowa, n'kutenga buku lake la kuchipatala pansi pa chikwama pamene linkabisala, n'kuuza Mavis kuti abwera pompano. Mavis anayang'ana bukulo, n'kuyang'ana foni imene Sellah anagwira, n'kubwerera ku katemera wake.

Pamwamba pa chulu panali poterera ndi mapazi a anthu. Kuchokera pamenepo msewu wonse unkaoneka mpaka pa mphambano, pamene njira ya kumanzere imalowa kwa Thole ndipo ya kumanja imapita ku boma. Njinga ya Justus inali itanyamuka, fumbi likuitsatira.

Sellah anaimbira Themba. Foni inaitana kanayi.

"Nyina Wezi? Masana ano? Mwana ali bwino?" Kumbuyo kwake kunkamveka makina odulira matayilosi.

"Ali bwino. Adada Wezi, chokani pa phokosopo. Ndili ndi mawu, ndipo ndikufuna muwamve kwa ine."

Anayamba ndi tsiku lenilenilo, 3 Febuluwale, kuti loipa litsogole. Kenaka anabwerera ku Ogasiti, ku magazi, ku mabotolo awiri amene anamuthira, zimene amama anamuuza Themba pafoni kuti zinali zazing'ono. Ananena zonse maso ali pa njinga. Itafika pamphambano inaima. Justus anatsitsa phazi limodzi pansi.

Makina aja anali atasiya.

"Febuluwale," anatero Themba.

"Enya."

"Ine kulibe."

"Enya. Mu Disembala kunalibe timachubu. Afunseni a Sisitala."

"Sindifunsa Sisitala. Dokotalayo analemba?"

"Analemba, ndi chidindo chomwe."

"Jambula unditumizire. Tsamba lonse, osati theka." Anapuma mwamphamvu. "Akudziwa ndani?"

"Justus. Waona lero m'kompyuta."

"Justus kudziwa za mkazi wanga ine ndisanadziwe!" Anatukwana m'chinenero cha kumeneko. Kenaka mawu anatsika. "Mabotolo awiri? Amama anati unangofooka."

"Awiri."

"Tumiza chithunzicho. Ndipo amama asamve kwa munthu wina. Ndikaona, ndiwauza ndine."

Foni inaduka. Sellah anagwada pachulupo, n'kutsegula buku pabondo, n'kupanikiza tsamba ndi chala kuti mphepo isalitembenuze. Anajambula tsamba lonse n'kutumiza. Chithunzi chinayamba kuzungulira, kuzungulira, netiweki ikuchikoka pang'onopang'ono.

Atadzutsa mutu, pamphambano panalibe munthu. Fumbi linali likutsika panjira ya kumanja, ya ku boma. Anaiyang'anabe ya kumanzere kanthawi, kuti atsimikize. Kenaka foni inanjenjemera m'dzanja: chithunzi chapita, ndipo Themba wachitsegula. Sellah anamasula nsalu, n'kumukweza Wezi, n'kumanganso mfundo kawiri pachifuwa, ndipo anatsika kukaitana maina.